Njinga ziwiri zakale, makhalidwe osiyana: ndikwere iti popita kuntchito?

Funso la owerenga

"Ndili ndi njinga ziwiri zakale ndipo zandizunguza mutu. Yoyamba ndi Raleigh yakuda imene anandisiyira malemu bambo anga, ya matayala a mainchi 28, mabuleki a ndodo zachitsulo ndi magiya atatu a m'kati mwa habu. Yachiwiri ndi Peugeot ya m'ma 1970, ya mahandulo opindikira pansi, imene alamu anga anandipatsa atasiya kukwera. Ndayamba kupalasa popita kuntchito, makilomita 9 kupita kokha, ndipo m'njiramo muli chitunda chimodzi chachitali. Yakudayo ndikamanyamuka handulo imagwera mbali, pachitunda imandilemera koopsa, koma ikatenga liwiro imayenda bwino zedi. Peugeot ndi yopepuka ndiponso yothamanga, koma ndikangocheuka pang'ono ndimapeza yakhota kale. Ndimafika khosi ndi manja zikuwawa, nsapato imagunda tayala la kutsogolo pokhota, ndipo ndikasiya handulo imakokera kumanzere. Anzanga ena akuti ndigulitse zonse ndigule yatsopano, ena akuti ndichotse foloko ya Raleigh ndiikepo yamakono. Wina anati nkhani yagona pa miyezo ya fulemu, koma sanafotokoze. Kodi njinga zakale zingapirire ulendo wa tsiku ndi tsiku? Ndichite chiyani?"

Yankho

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Zambiri mwa zimene mwadandaulazi si kuwonongeka ayi, njingazo anazipanga dala kuti zizichita choncho. Fulemu yachitsulo imene sinachitepo ngozi, ndipo dzimbiri silinaidye m'kati, imatumikira munthu, mwana wake ndi mdzukulu yemwe. Pa zaka zimene ndakhala ndikumasula ndi kumanga njinga ndaona zambiri za m'ma 1950 ndi m'ma 1970 zikuyendabe m'mawa ndi madzulo popanda chovuta, ndipo makilomita 9 si kanthu kwa izo. Koma m'kalatamu muli zinthu ziwiri zimene sindikufuna muzitenge mopepuka: kukokera kumanzere ndi nsapato yogunda tayala, zonse pa njinga imodzi. Ndibwerako. Pakadali pano Peugeot muyambe mwaiimika kaye.

Mnzanu amene anatchula miyezo ya fulemu uja analasa penipeni. Chiyambire 1885, pamene John Kemp Starley anatulutsa njinga ya Rover ku Coventry, ku England, yoyendetsa gudumu la kumbuyo ndi tcheni, kenako John Boyd Dunlop n'kubwera ndi tayala lopopa mu 1888, thupi la njinga silinasinthe kwenikweni. Pofika m'ma 1890 fulemu inali itatenga kale maonekedwe amene tonse tikuwadziwa. Kutsogolo kuli kapaipi kakafupi kamene foloko imalowamo, tikatche mutu. Kuchoka pamutupo pali mtanda wopita ku chishalo ndi paipi ina yotsikira ku mapedulo, kenako paipi imene chishalo chimalowamo, ndi timapaipi tinayi togwira gudumu la kumbuyo. Njinga zanu zonse ziwiri zili ndi mapaipi omwewa. Kusiyana kwake kuli pa kutalika kwa mapaipiwo ndi mmene anawapendeketsera, ndipo madigiri 5 okha amakwanira kubala njinga za makhalidwe osiyana kotheratu.

Ziimikeni pamodzi pamalo osalala, mubwerere m'mbuyo pang'ono, muziyang'ane cham'mbali. Muona kuti mutu wa Raleigh wagonera kumbuyo, foloko yake yatambasukira kutsogolo ndipo chakunsonga yapindika kwambiri. Njinga zamtundu umenewu mutu wake umakhala cha pa madigiri 66 mpaka 68 poyeza kuchokera pansi. Wa njinga zothamanga umaimirira, madigiri 72 mpaka 74.

Tsopano tengani ndodo yowongoka, muitsamiritse m'mbali mwa mutu motsata mmene wapendekera, muitsitse mpaka nsonga igunde pansi, mulembe pamenepo ndi choko. Lembaninso pamene tayala lakhudza pansi, kunsi kwenikweni kwa ekiselo. Mupeza kuti tayala likukhudza pansi kumbuyo kwa chizindikiro choyamba chija. Kampata kameneko amisiri a njinga amakatcha trail, ndipo ndi kamene kamalamulira kwambiri mmene handulo imamvekera m'manja. Ganizirani timagudumu ta kunsi kwa mpando wa mu ofesi: mukaukankha timatembenuka tokha n'kumatsatira pambuyo, chifukwa timakhudza pansi kumbuyo kwa pamene timazungulirapo. Gudumu la kutsogolo la njinga nalonso limachita kukokedwa, ndiye limadziwongola lokha, ndipo liwiro likamakwera kudziwongolako kumakula. Mu 1970 wasayansi wa ku Britain, David Jones, anayesa kupanga njinga zosatheka kukwera pofuna kudziwa chimene chimaimika njinga. Ataikako gudumu lina lozungulira chobwerera kuti afafanize mphamvu ya kuzungulira kwa gudumu, njinga inakwerekabe. Imene inamuvuta ndi imene anasunthira gudumu lake kutsogolo kwambiri mpaka kampata kaja n'kutheratu.

Apa pali chinthu chimene ambiri amachimva mozondoka. Amaganiza kuti foloko ikapindikira kwambiri kutsogolo ndiye kuti njinga imakhazikika kwambiri. Zoona zake n'zakuti kupindikako kumasunthira tayala kutsogolo, kufupi ndi chizindikiro cha choko chija, ndiye kampata kamachepa. Mutu wogona umakakulitsa, foloko yopindika imakachepetsa, ndipo wopanga njinga amakwatitsa ziwirizi kuti zigwirizane. Tiike manambala. Njinga yothamanga ya mutu wa madigiri 73, foloko yotulutsa ekiselo mamilimita 43 kutsogolo kwa mzere wa mutu ndi tayala lopyapyala, trail yake imakhala cha pa mamilimita 58. Njinga ngati Raleigh yanu, tiyerekeze kuti mutu ndi madigiri 67 ndipo foloko yatulutsa ekiselo mamilimita 75, pa gudumu la 28 imakhala cha pa mamilimita 69.

Nanga handulo imagweranji mbali mukamanyamuka? Imani pambali pa njingayo, muiimike chilili, mutembenuze handulo pang'onopang'ono mukuyang'ana mutu. Muona mutuwo ukutsika pang'ono. Mutu ukakhala wogona kutsikako kumakula, ndipo popeza kulemera kwanu ndi kwa njinga kumafuna kupita pansi, kumakokera handulo kuti ipitirize kukhota. Pa liwiro lochepa kudziwongola kuja kumakhala kusanayambe, ndiye kugwako kumapambana. Mukangotenga liwiro zinthu zimatembenuka, n'chifukwa chake mwaona nokha kuti ikathamanga imayenda mowongoka bwino. Mankhwala ake ali m'kanyamukidwe. Ikani pedulo m'mwamba chakutsogolo, muiponde ndi mphamvu kuti njinga ichoke msanga, maso akhale patali, handulo muigwire momasuka. Ndipo musakoleke chikwama cholemera pa handulo ya njinga imeneyi, chifukwa chimawonjezera kugwako. Pakatha sabata kapena ziwiri manja amazolowera okha.

Za kusintha foloko ndikuuzeni mosapsatira: musachite. Foloko zambiri zamakono zimatulutsa ekiselo cha pa mamilimita 45 chifukwa anazipangira mitu yoimirira. Mukaika yotere pa mutu wa madigiri 67, trail ija ichoka pa 69 kupitirira 100, ndipo handulo idzagwa kuposa mmene ikugwera lero. Foloko ikakhalanso yaifupi, kutsogolo kumatsika, mapedulo n'kuyandikira pansi. Kuwonjezera apo, Raleigh zopangidwa ku Nottingham, ku England, zinali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi, pamene njinga zina zambiri zimatsata 24, kotero makapu (timbale tachitsulo mmene timipira timazungulira) ndi manati a m'mutu sangagwirizane ndi foloko ina. Mabuleki a ndodo nawo amamangirira pa foloko yomweyo ndipo amafuna limu yamtundu wake. Ndaonapo njinga zokongola zambiri zitasanduka zosakwereka chifukwa cha malangizo amenewa, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa mwini wake amakhala atataya kale foloko yoyambayo.

Tibwere pachitunda. Paipi ya chishalo ya Raleigh nayonso ndi yogona. Chishalo chikakhala masentimita 70 kuchokera pa kilanki (pamene mapedulo amazungulirapo), digiri imodzi iliyonse imachisunthira kumbuyo ndi masentimita 1.2, kotero pakati pa madigiri 68 ndi 73 pali masentimita 6. Mumakhala tsono kumbuyo kwa mapedulo, msana uli chilili, manja asakunyamula kanthu, mukuona msewu wonse. Pamalo athyathyathya kukhala kotere n'kokoma kwabasi. Pokwera chitunda mumalephera kugwetsera thupi pa mapedulo, ndipo kuimirira n'kovuta chifukwa handulo ili pafupi ndi mawondo. Kulemera nako kulipo, njinga zotere zimafika makilogalamu 18 kapena 20 pamene Peugeot yanu ingakhale 12 kapena 13. Komabe mukaphatikiza ndi thupi lanu kusiyanako sikukula monga mukuganizira. Chimene chikukuzunzani kwambiri ndi magiya, ndipo apa pali nkhani yabwino chifukwa kukonza kwake n'kosavuta.

Habu ya magiya atatu pa Raleigh kawirikawiri imakhala Sturmey-Archer AW, imene inayamba kupangidwa mu 1936. Giya yachiwiri imayendetsa gudumu mwachindunji, yoyamba imatsitsa kufika pa magawo 75 mwa 100, yachitatu imakweza kufika pa 133. Zambiri zinkatuluka ndi mano 46 kapena 48 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Titenge 46 ndi 18 pa gudumu la 28: mapedulo akazungulira kamodzi mumayenda mamita 4.3 pa giya yoyamba, 5.7 pa yachiwiri ndi 7.6 pa yachitatu. Yachitatuyo munthu wopita kuntchito saigwiritsa ntchito kwenikweni, ndipo yoyambayo ndi yolemerabe pachitunda chachitali. Chotsani sipuloketi ya mano 18 muike ya 22. Zikhala mamita 3.5, 4.7 ndi 6.2, ndiye kuti yachitatu isanduka yoyendera pamalo athyathyathya, n'kutsala ndi ziwiri zokwerera. Sipuloketiyo imagwiridwa ndi kawaya kozungulira kamene kamachoka ndi sikuludilaiva. Tcheni mudzafunika chotalikirapo pang'ono, ndipo ngati njingayo ili ndi chophimba tcheni chonse, yezani kaye ngati ya 22 ikwanemo, apo ayi ikani ya 20 kapena 21. Pa zonse zimene mungachite pa Raleigh, ichi ndi chimene mudzachimve kwambiri m'miyendo.

Habu imeneyi muidziwe pa chinthu chimodzi. Pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pali malo pamene simagwira chilichonse, ndipo chingwe cha magiya chikatayirira mapedulo amatha kungoti phulu mukuponda. Munthu ataimirira akhoza kugwera pamtanda kapena pansi. Ikani pa giya yachiwiri, musuzumire pa kabowo ka nati ya kumanja: phewa la kandodo kamene kamakokedwa ndi katcheni kakang'ono ka magiya lizilingana ndi nsonga ya ekiselo. Posintha giya fewetsani phazi kaye, ndipo mwezi ndi mwezi muzidonthezera oyilo wopepuka pang'ono pa kachitseko ka pahabu.

Muyezo wina umene ukukomera Raleigh ndi kutalika. Kuchoka pa ekiselo ya kutsogolo kufika ya kumbuyo njinga zotere zimapitirira masentimita 110, pamene za mpikisano zimakhala cha pa mita imodzi. Simukhala pamwamba penipeni pa gudumu la kumbuyo, ndiye mabampu safika pamsana ndi ukali wonse, katundu wa pakaliyala sagwedeza njinga, ndipo chidendene sichigunda chikwama.

Tsopano Peugeot. Njinga ya mutu woimirira ndi fulemu yaifupi imamvera msanga, ndipo mukacheuka phewa limakoka handulo osadziwa, imeneyo ndi mbali ya chibadwa chake. Nsapato kugunda tayala nakonso kumachitika pa njinga za mpikisano zazing'ono zimene zilibe vuto lililonse. Chikundikayikitsa n'chakuti Peugeot zambiri za m'ma 1970 zimene zinkagulitsidwa kwa anthu wamba sizinali za mpikisano weniweni. Zinali zazitaliko, foloko yopindika bwino, malo a matigadi alipo, ndipo nsapato sinkafika pa tayala wambawamba. Njinga yotere ikayamba kugunda nsapato, kwinaku ikukokera mbali, ndimayamba ndaganiza zoti inawombapo chinthu chakutsogolo, foloko kapena mutu n'kubwerera m'mbuyo. Alamu anu afunseni ngati akukumbukira ngozi iliyonse, koma musadalire zimenezo zokha chifukwa mwina anaipeza ili choncho.

Yambani ndi zala. Pukutani paipi yotsikira ku mapedulo ija, kenako muyendetse chala kunsi kwake, masentimita 2 mpaka 5 kuchoka pa mfundo imene yalumikizira kumutu. Pazikhala posalala see. Mukamva kachotupa kapena kakhwinya kopingasa, chitsulo chinapindika. Chitani chimodzimodzi pa mtanda, pansi ndi pamwamba pomwe. Walitsani tochi mopendeketsa: timing'alu ta penti topingasa paipi, kapena kamzere ka dzimbiri pamalo amodzi pomwe kwina konse penti ili bwino, ndi chizindikiro chomwecho. Kenako yang'anani foloko cham'mbali. Chigawo chake chapamwamba, chisanayambe kupindika, chizipitiriza mzere wa mutu ndendende. Chikaoneka chothyokera kumbuyo, foloko inapindika.

Mukatero imani kutsogolo muone ngati tayala lili pakati penipeni pa miyendo iwiri ya foloko. Ngati layandikira mbali imodzi, masulani gudumu, mulitembenuze, mulibwezere mutaonetsetsa kuti ekiselo yakhala bwino mbali zonse. Likasamukira mbali inayo, vuto lili pa gudumu ndipo masipoko akonza. Likakhalabe mbali yomweyo, vuto ndi foloko. Fulemu imayezedwa ndi chingwe. Chimangeni pomwe ekiselo ya kumbuyo imalowa mbali ya kumanzere, muchikoke mpaka kumutu, muzungulire, mubwerere nacho kukamanga kumanja, chikhale chokungika. Ndi lula yezani mpata wochoka pa chingwe kufika pa paipi ya chishalo, uku ndi uku. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri musade nako nkhawa. Kukapitirira 4 kapena 5, kumbuyo kwa fulemu kunakhotera mbali. Muthanso kunyowetsa matayala n'kupalasa mowongoka pa simenti youma: mizere iwiriyo izigonerana. Mukayeseranso kusiya handulo, sankhani bwalo lathyathyathya, chifukwa msewu umakhala wotsetserekera m'mphepete kuti madzi azichoka ndipo umakoka njinga ngakhale yabwinobwino.

Pomaliza nyamulani kutsogolo mutembenuze handulo uku ndi uku. Iziyenda mofewa popanda kukakamira. Ikamakodwa pakati ngati yagwera m'kadzenje, ndiye kuti timipira tachitsulo ta m'mutu tinakumba makapu, ndipo zimenezi zokha zimapangitsa njinga kuyenda mokhotakhota. Gwiraninso buleki ya kutsogolo muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo, mumve ngati m'mutu mukuchita gwedegwede. Mavuto awiriwa ndi aang'ono, makapu atsopano ndi girisi basi.

Mukapeza kupindika, apo ndi pofunika mmisiri wodziwa za mafulemu. Chitsulo chili ndi ubwino wakuti chikakhota pang'ono chimawongoleka chili chozizira, ndipo fulemu yokhotera mbali kapena mwendo wa foloko wopatuka pang'ono zimabwerera m'malo. Koma paipi yokhwinyata, mng'alu uliwonse, kapena foloko yopindikira pamutu pake, izi si zowongola ayi. Foloko yotere isinthidwe ndi ina yofanana nayo kutalika ndi kupindika, ndipo paipi yokhwinyata ichotsedwe yonse kapena fulemuyo ipume. Musalole wina kuiwotcha ndi moto kuti iwongoke, kapena kumata mng'alu ndi makina owotcherera mageti. Mapaipi a njingazi analumikizidwa ndi mkuwa m'kati mwa mfundo, ndipo abwino kwambiri, monga a Reynolds 531 amene anayamba mu 1935, khungu lake silikwana ndi milimita imodzi yomwe. Foloko ikathyoka mukutsika chitunda palibe chimene mungachite, n'chifukwa chake ndikuumirira.

Dzimbiri muliyang'ane pa njinga zonse ziwiri. La pamwamba silindiopsa, limachoka ndi kupala. Solololani chishalo muwalitse tochi m'kati mwa paipi, ndipo mubaye ndi nsonga ya sikuludilaiva kunsi kwa timapaipi ta kumbuyo pafupi ndi kilanki, pamene madzi amakonda kukhala. Pakafewa kapena kuboka, fulemuyo yatha.

Tinene kuti Peugeot yapambana mayeso onsewa. Khosi ndi manja zikuwawa chifukwa handulo ili pansi ndiponso patali, ndiye thupi lalemerera m'manja, mutu n'kumachita kudzutsa kuti muone kutsogolo. Yambani mwaona ngati fulemu ikukukwanani: mutaima pansi mtanda uli pakati pa miyendo, patsale masentimita 2 kapena 3. Chishalo chikhale chopingasa bwino, chifukwa chikaweramira kutsogolo mumatsetserekera m'manja, ndipo chikwere kufikira mwendo uwongoke chidendene chili pa pedulo yapansi. Kenako kwezani sitemu, chitsulo chogwira handulo chija, kuti pamwamba pa handulo palingane ndi chishalo, koma mzere wochenjeza umene analemba pa sitemuyo usatuluke kunja, ndipo ngati palibe mzere musiye m'kati masentimita osachepera 6.5. Iyang'aneninso bwino, chifukwa masitemu ena a aluminiyamu a nthawi imeneyo amadziwika ndi kung'aluka. Pofuna ina kumbukirani kuti njinga za ku France zinkatsata miyezo yawo: sitemu ya mamilimita 22.0 m'malo mwa 22.2, ndi mazinga osiyana pa kilanki ndi mapedulo. Zikakanikabe, ikani handulo yobwerera kumbuyo ngati ya njinga za m'tauni, pamodzi ndi zogwirira mabuleki zoyenerana nayo ndi chishalo chotambalalako. Fulemu za Peugeot zimalandira kusintha kumeneku bwino kwambiri.

Pali nkhani ina imene simunaifunse koma ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa kulemera ndi liwiro: mabuleki mvula ikagwa. Raleigh yanu ili ndi malimu achitsulo onyezimira, ndipo Peugeot zambiri za nthawi imeneyo zinali chimodzimodzi. Limu yotere ikanyowa, labala imangotsetsereka, ndipo gudumu limazungulira kangapo buleki isanayambe kugwira. Inu muli ndi chitunda chimene pobwerera mumatsika. Pa Raleigh ikani malabala atsopano, akapezeka okhala ndi kachikopa ndi abwinopo m'madzi, ndipo limu ikhale yozungulira bwino, chifukwa mabuleki a ndodo amakokera m'mwamba ndiye limu yokwera ndi kutsika imagwira mosiyasiya. Kukanyowa yambani kufinya mabuleki patali kuti madzi apukutike, ndipo musalole liwiro kukula. Pa Peugeot njira ilipo yothetseratu vutoli: malimu a aluminiyamu.

Pogula malimu kapena matayala musakhulupirire mainchi, werengani manambala awiri olembedwa m'mbali mwa tayala, monga 40-635 kapena 32-630. Yachiwiriyo ndi imene imanena kukula kwa limu m'mamilimita. Raleigh ya 28 x 1½ ndi 635, matayala a 27 x 1¼ ndi 630, ndipo a 700C ndi 622, koma a 622 amenewa ena amawalembanso kuti 28. Ambiri apusitsika nazo n'kubwerera ndi tayala losalowa. Ngati Peugeot yanu ndi ya 630 mutha kusamukira ku 622, kumene matayala ndi ambiri, bola malabala a mabuleki athe kutsika mamilimita 4. Kumbuyo kwa fulemu za magiya asanu mpata wake ndi mamilimita 120 pamene mahabu amakono ndi 130 kapena kuposerapo, ndiye chosavuta n'kumangira limu yatsopano pa habu yakale. Tayala musankhe lonenepa monga fulemu ingalolere, la mamilimita 32 ngati matigadi akulola. Limameza mabampu, ndipo limakhazikitsa handulo pang'ono.

Ngati makilanki ndi a kotapini (kamsomali kolimbitsa kilanki pa ekiselo yake), mvetserani kaphokoso kakuti tcha! kapena kutsetsereka pang'ono pamene pedulo ikudutsa pamwamba. Kotapini sailimbitsa ndi nati, mazinga ake amatha msanga. Amaikhoma ndi hamala kilanki itachirikizidwa kunsi kuti mphamvu isapite ku timipira ta m'kati, natiyo n'kungoisunga. Za ku England zambiri ndi mamilimita 9.5, za ku France 9, ndipo makotapini awiri a njinga imodzi aloze kosiyana kuti makilanki akhale pamzere umodzi.

Ndiye mukwere iti? Ine ndikanayamba ndi Raleigh mawa lomwe, nditasintha sipuloketi ndi malabala a mabuleki, n'kuikako nyali kutsogolo ndi kumbuyo. Anaipangira ntchito yomweyi: munthu wovala zakuntchito, chikwama pakaliyala, msewu wa mabampu, kukonza kochepa. Ulendo wanu idzautalikitsa ndi mphindi zochepa, koma mudzafika khosi lili bwino. Pamene imagonja ndi potsika chitunda mvula ikugwa, ndipo masiku amenewo Peugeot ya malimu a aluminiyamu, matigadi ndi handulo yokwera idzakusungani bwino koposa, ngati fulemu yake yapezeka yowongoka. Zogulitsa zonse ziwiri sindikuziona chifukwa chake. Yatsopano muiganizire pokhapokha Peugeot itapezeka yokhwinyata ndipo mabuleki a Raleigh sakukupatsani mtendere pachitundacho ngakhale mutakonza.

Zosinthazi muzichita chimodzichimodzi, n'kukwera masiku angapo musanakhudze china, kuti mudziwe chimene chathandiza. Chishalo ndi handulo muzisuntha theka la sentimita pa nthawi. Njinga ikayamba kunjenjemera kutsogolo mukutsika, panikizani mtanda ndi mawondo, mufewetse manja, muchepetse liwiro pang'onopang'ono, ndipo isatsikenso chitunda mmisiri asanaone m'mutu ndi magudumu. Thupi nalonso mulimvere: kuwawa kwa minofu kwa masabata oyamba kumatha kokha, koma dzanzi la m'zala kapena la pakati pa miyendo limene silikuchoka mutatsika, kupweteka kwa khosi kotsikira m'dzanja, kapena bondo lotupa, zimenezo mukaonane ndi dokotala, ndipo mumuuze mtunda umene mumapalasa ndi mmene mumakhalira panjingapo.